David Livingstone, Mnyamata Wamanyazi

Anzanga ena amatiseka ife ofatsa, amati munthu wosalankhula pagulu sadzapita patali. Tamvani za David Livingstone. Anabadwa mu 1813 ku Blantyre wa ku Scotland. Ali ndi zaka 10 anayamba ntchito m'fakitale ya thonje, buku ataliika pa makina. Pophunzira zaumishoni ku Ongar, anamtuma kukalalikira ku Stanford Rivers. Ataimirira paguwa anaiwala ulaliki wonse, nathawa. Akuluakulu anatsala pang'ono kumkana. Koma ndi iyeyu amene anafika pa Nyanja ya Malawi mu 1859, nadzudzula malonda a akapolo ndi cholembera chake. Anamwalira mu 1873, ndipo mu 1876 amishoni anatcha malo athu ano dzina la kwawo. Ine wa ku Kanjedza, pomva zimenezi, kufatsa kwanga sindichita nako manyazi.