James Forten: nkhondo imene inapitirira m'banja



Lero ndikufuna tikambeko za James Forten, munthu wakuda amene anabadwa mfulu ku Philadelphia m'chaka cha 1766, nthawi imene anthu akuda ambiri ku America anali akapolo. Bambo ake, omwe ankasoka matanga a zombo, nsalu zikuluzikulu zija zogwira mphepo, anamwalira iye ali wamng'ono. Sukulu anaisiyira panjira kuti azithandiza mayi ake.

Mu 1781, ali ndi zaka 14, analowa nkhondo yomwe America inkamenyera ufulu wake kwa Britain. Anakwera chombo chotchedwa Royal Louis, ntchito yake kunyamula onga kupititsa kumizinga. Chombocho chitagwidwa, Forten anali pangozi yogulitsidwa ngati kapolo. Koma mkulu wa chombo cha Britain anamukonda, mpaka anafuna kumutumiza ku England kuti akakulire pabwino. Mnyamatayo anakana, sanafune kufulatira dziko lake. Zotsatira zake anakatsekeredwa m'chombo cha Jersey ku New York, ndende yoyandama momwe akaidi ankafa ndi matenda tsiku ndi tsiku. Anakhalamo miyezi 7, ndipo atamasulidwa anayenda wapansi kubwerera ku Philadelphia.

Kumeneko anaphunzira ntchito ya bambo ake kwa Robert Bridges, ndipo mu 1798 bizinesi yonse inakhala m'manja mwake. Ankalemba ntchito akuda ndi azungu omwe, mpaka anakhala mmodzi mwa anthu akuda olemera kwambiri mumzindawo.

Apa ndi pomwe ine nkhaniyi imandigwira mtima. Forten akanatha kungodya ndalama zake phee. Koma mu 1813 analemba makalata otsutsa lamulo lomwe linkafuna kuletsa anthu akuda kulowa mu Pennsylvania. Mu 1817 anatsutsa maganizo otumiza akuda omasuka ku Africa, chifukwa America kunali kwawo. Mu 1831 anathandiza ndi ndalama nyuzipepala ya William Lloyd Garrison yolimbana ndi ukapolo, The Liberator.

Nanga dziko linamuthokoza bwanji? Mu 1838 Pennsylvania inalanda amuna akuda ufulu woponya voti. Tangoganizani, munthu woti anavutikira dzikolo ali mwana! Anamwalira mu 1842 ukapolo usanathe.

Komabe nkhondo yake sinathere kumanda, chifukwa anali ataibzala pakhomo. Mkazi wake Charlotte Vandine pamodzi ndi ana awo aakazi, Margaretta, Harriet ndi Sarah, anagwira ntchito m'bungwe la amayi lolimbana ndi ukapolo lomwe linakhazikitsidwa ku Philadelphia mu 1833. Margaretta anali mphunzitsi. Harriet anakwatiwa ndi Robert Purvis, ndipo pakhomo pawo ankabisa akapolo othawa. Mdzukulu wake, Charlotte Forten, anapita ku St. Helena Island ku South Carolina mu 1862 kukaphunzitsa anthu omwe anali atangomasuka kumene. Ukapolo unathetsedwa mu 1865, patatha zaka 23 agogo akewo atamwalira.

Achinyamata anzanga, ambirife timafuna kuona zipatso lero lomwe, zikachedwa timagwa mphwayi. Forten sanazione, koma a pakhomo pake anadziwa chimene ankamenyera, ndipo anachinyamula. Kodi azing'ono athu akamationa tsiku ndi tsiku, akuphunzira kuti ife timaimira chiyani?