J.R.R. Tolkien: Mphunzitsi Amene Anaumba Chiyankhulo Chopanda Eni Ake

Mwana wa sukulu wa ku Chitala akauzidwa kuti achulukitse dzina loti khoka, sachedwa kuyankha kuti makoka. Khasu amati makasu, phiri amati mapiri, tsamba amati masamba. Mwanayo sadziwa kuti pakamwa pake pakutsatidwa lamulo lakalekale, limene limafewetsa liwu loyamba la dzina pamene ma- waphatikizidwa. Lamuloli palibe amene analikhalira pansi kulipanga. Linadza lokha ndi mibadwo. Koma ku Mangalande kunali mphunzitsi wina amene anapanga malamulo otere ndi dzanja lake, a chiyankhulo chimene panalibe munthu ndi mmodzi yemwe wochiyankhula. Dzina lake linali John Ronald Reuel Tolkien.

Tolkien anabadwira mu Africa, mumzinda wa Bloemfontein ku South Africa, pa 3 Januwale 1892. Bambo wake, Arthur, anali mkulu wa banki kumeneko. Mu 1895 mayi wake, Mabel, anatenga ana ake awiri kupita nawo ku Mangalande kukacheza, ndipo ali komweko analandira uthenga, mu 1896, woti Arthur wamwalira. Banjalo linagwa mu umphawi. Mabel anaphunzitsa yekha ana akewo panyumba, ndipo ndi iye amene anayamba kuphunzitsa Ronald Chilatini ndi Chifalansa. Nayenso anamwalira mu 1904 ndi nthenda ya shuga, mnyamatayo ali ndi zaka 12. Ana amasiyewo anawalera ndi wansembe wa Chikatolika, Bambo Francis Morgan, mumzinda wa Birmingham.

Pa ubwana wake anakhalako m'nyumba ina yoyandikana ndi njanji. Pa mabogi onyamula malasha ochokera ku Wales pankalembedwa maina a Chiwelshi, ndipo mnyamatayo ankawawerenga osadziwa tanthauzo lake, koma kumveka kwake kunamulowa mumtima. Asuweni ake, Mary ndi Marjorie Incledon, anali ndi kachiyankhulo kawo kamasewera kotchedwa Animalic, kogwiritsa ntchito maina a nyama m'malo mwa mawu wamba. Ana ambiri amachita zotere kuti akuluakulu asamve zimene akunena, ndipo akakula amazileka. Tolkien sanazileke. Pamodzi ndi Mary anapanga china chotchedwa Nevbosh, kenaka payekha anapanga Naffarin.

Pa mayeso opezera thandizo la maphunziro ku Oxford analephera ulendo woyamba mu 1909. Bambo Morgan anaona kuti chamusokoneza ndi chibwenzi chake ndi mtsikana wina wamasiye, Edith Bratt, ndipo anamuletsa kuonana naye kufikira atakwanitsa zaka 21. Anapambana ulendo wachiwiri nalowa ku Exeter College mu 1911. Kumeneko anapeza buku la galamala ya Chifinishi m'nyumba yowerengeramo mabuku, ndipo linamutenga mtima kotero kuti Chigiriki ndi Chilatini, zimene anapitira, anaziika pambali. Mayeso a mu 1913 sanakhoze monga ankayembekezera aphunzitsi ake. Mwayi wake unali wakuti anamulola kusintha n'kuyamba maphunziro a Chingerezi chakale ndi mbiri ya ziyankhulo, ndipo mu 1915 anakhoza pamwamba penipeni.

Maphunziro amenewa ndiwo anasandutsa masewera aja kukhala ntchito yaluso. Akatswiri a mbiri ya ziyankhulo amayerekeza mawu a mitundu yapachibale kuti apeze kholo lawo. Achewa amati munthu, Ayao amati mundu, Aswahili amati mtu, Azulu amati umuntu, ndipo aliyense angaone kuti mawuwa ndi ana a mimba imodzi, amene anasiyana maonekedwe chifukwa mtundu uliwonse unatsata njira yakeyake posintha maliwu. Tolkien anaitembenuza ntchitoyi. Anayamba wapeka kholo, ndiye kuti mizu ya mawu, kenaka n'kuika malamulo a kasinthidwe ka maliwu, ndipo kuchokera m'mizu imodzimodziyo anatulutsa ziyankhulo ziwiri. Choyamba, chimene anayamba kuchilemba cha m'ma 1915, anachitcha Qenya, ndipo chinatengera kamvekedwe ka Chifinishi. Chachiwiri chinatengera Chiwelshi cha pa mabogi aja.

Nkhondo yoyamba ya dziko lonse inamupeza ali pakati pa ntchitoyi. Anakwatira Edith mu Malichi 1916, ndipo mu Juni anatumizidwa ku France ngati msilikali woyang'anira za mauthenga m'gulu la Lancashire Fusiliers. Anamenya nawo nkhondo ya ku Somme, kumene anzake awiri apamtima a kusukulu, Rob Gilson ndi G.B. Smith, anafera. Iye anapulumuka chifukwa cha nsabwe: zinamupatsa nthenda ya malungo a m'maenje a nkhondo, ndipo mu Novembala 1916 anamubweza kwawo. Chaka cha 1917 anachitha akulowa ndi kutuluka m'zipatala, ndipo m'chaka chomwecho analemba galamala ndi mtanthauziramawu wa chiyankhulo chachiwiri chija, chimene anachitcha Goldogrin, kapena kuti chiyankhulo cha mtundu wa Gnomes.

M'nthano za ku Ulaya, gnome ndi kamunthu kakafupi kokhala pansi pa nthaka, kosunga chuma cha m'miyala. Wa kuno angakumbukire Akafula, aja amatchedwanso Amwandionerapati. Koma a Tolkien sanali otere. Iye anagwirizanitsa dzinalo ndi mawu a Chigiriki onena za nzeru, ndipo anthu ake anali aataliatali, amisiri ndiponso odziwa zinthu, amene anachoka ku dziko lamtendere nakakhala m'dziko la nkhondo, kumene chiyankhulo chawo chinasintha msanga.

Mutu wa kabukuko wokha ukuonetsa mmene chiyankhulocho chinkayendera. Unali woti I·Lam na·Ngoldathon. Kaliwu koti i n'kolozera dzina. Lam ndi lilime, ndiponso chiyankhulo, monga momwe Baibulo la Chichewa limanenera za malilime. Munthu mmodzi wa mtunduwo ndi golda. -Thon wa kumapeto akusonyeza kuti ndi ambiri komanso kuti chinthucho n'chawo. Maina ankasintha mathero ake m'njira zitatu: pongotchula chinthu, posonyeza umwini, ndi posonyeza wolandira. Nanga golda wasanduka bwanji Ngolda? Apa ndi pamene pali luso lake. Mu Chiwelshi liwu loyamba la dzina limasintha malinga ndi mawu amene ali patsogolo pake: tad ndi bambo, koma bambo wanga ndi fy nhad. Tolkien anatenga khalidweli, koma analipatsa chifukwa chake. Muzu wakale wa dzinalo unkayamba ndi ng. Mu Goldogrin n anagwa n'kutsala golda, pamene mu Qenya munatsala n, dzinalo n'kukhala noldo. Koma dzinalo likatsatira kaliwu kolozera, ng wakale uja amatulukiranso. Mphunzitsi amene anayesapo kufotokozera ana chifukwa chimene diso limakhalira maso, osati madiso, adziwa kuti mawu osatsata lamulo nthawi zambiri amakhala akusunga mbiri. Tolkien ankachita kuikamo dala zipsera zotere kuti chiyankhulo chake chioneke ngati chakalamba.

M'chaka chimene Tolkien anabadwa, 1892, David Clement Scott wa mishoni ya Blantyre anasindikiza mtanthauziramawu wake wa Chimang'anja. Scott ankatola mawu pakamwa pa anthu amoyo, pamodzi ndi miyambo ndi miyambi yawo. Tolkien analibe woti amufunse, ndipo anazindikira kuti mawu opanda owayankhula ali ngati nyumba yopanda moto. Dzina la mudzi limafuna mudzi, mawu oti ukapolo amafuna anthu amene anagwidwapo ukapolo. Motero anayamba kulemba nthano kuti ziyankhulozo zipeze eni ake. Imodzi mwa zoyambirira inali ya kugwa kwa mzinda wa Gondolin, imene anailemba akuchira matenda aja. Ambiri amaganiza kuti anapeka ziyankhulo pofuna kukometsera nthano, pamene zoona zake n'zakuti ziyankhulo ndizo zinatsogola.

Nkhondo itatha anagwira ntchito pa mtanthauziramawu wamkulu wa Oxford, pa mawu oyamba ndi lembo la W. Mu 1920 anapita kukaphunzitsa ku yunivesite ya Leeds, ndipo mu 1925 anabwerera ku Oxford ngati pulofesa wa Chingerezi chakale. Za ziyankhulo zopekazo sankazinena poyera, poopa kuti anzake ophunzira amuona ngati munthu wamkulu wosewera ndi zidole. Mpaka nkhani imene anakamba pa mutuwu cha m'ma 1931 anaitcha A Secret Vice, kutanthauza chizolowezi choipa chobisika. Buku la The Hobbit linatuluka mu 1937, ndipo The Lord of the Rings mu 1954 ndi 1955. Mabukuwa ndiwo anamutchukitsa.

Goldogrin sanamusiye monga analili. Anamukonzanso n'kumutcha Noldorin, ndipo pambuyo pake Sindarin, nachipereka chiyankhulocho kwa mtundu wina wa m'nthano zake. Kachulukitsidwe ka maina kanasinthanso: m'malo mophatikiza mathero, malembo a liwu a m'kati mwa dzina ndiwo ankasintha, kotero kuti amon, phiri, anakhala emyn, mapiri. Dzina loti Gnomes analitaya, chifukwa owerenga ankangoganiza za tianthu tatifupi tija. Vuto lake linali losadziwa kumaliza. Akasintha muzu umodzi, mawu onse otuluka m'muzuwo ankayenera kusintha, maina a anthu ndi malo n'kusinthanso, nthano n'kulembedwanso. Anapuma pantchito mu 1959, koma nthano zazikulu za mitunduyi sanazitsirize.

Edith anamwalira mu 1971, ndipo Tolkien anamutsatira pa 2 Seputembala 1973, ali ndi zaka 81. Anaikidwa m'manda amodzi ku Wolvercote, ku Oxford, ndipo pamwala pawo panalembedwa maina awiri a m'nthano zake, Lúthien ndi Beren. Mwana wake Christopher anasonkhanitsa mapepala otsala nasindikiza The Silmarillion mu 1977. Galamala ndi mtanthauziramawu wa Goldogrin zinasindikizidwa mu 1995, m'magazini ya Parma Eldalamberon, patapita zaka 78 chizilembereni.