Élie Metchnikoff—Anafuna Kutalikitsa Moyo, Koma Kodi Anapeza Chifuno Chake?

M'MAIKO ambiri lerolino, makolo amapatsa ana awo aang'ono yogati pakati pa nthaŵi za chakudya. Mkaka wosasa umenewu, wofananako ndi chambiko, uli ndi zomanga thupi ndi zolimbitsa mafupa. Komabe, ndi oŵerengeka okha amene amadziŵa za mwamuna amene anautchukitsa kumadzulo kwa Ulaya. Iye anali Élie Metchnikoff, wasayansi amene anavutika kwa zaka zambiri ndi funso limene limakhudza aliyense wa ife: Kodi moyo uli ndi phindu lanji ngati mapeto ake ndi imfa?

Chisoni Paunyamata

Metchnikoff anabadwa mu 1845 pafupi ndi Kharkiv, m'dera limene panthaŵiyo linali mu Ufumu wa Russia koma tsopano lili mu Ukraine. Anali wanzeru kwambiri kwakuti anamaliza maphunziro a zaka zinayi a payunivesite m'zaka ziŵiri zokha. Koma nzeruzo sizinamtetezere ku chisoni. Mkazi wake woyamba, Ludmila, anamwalira ndi chifuwa chachikulu mu 1873, ndipo iye anataya mtima kufikira pa kuyesa kudzipha. Mu 1875 anakwatira Olga. Pamene ameneyu anadwala tayifodi kwakayakaya mu 1880, Metchnikoff anaikanso moyo wake pachiswe. Mwamwaŵi, onse aŵiri anachira.

Zinthu zinasintha mu 1882 ku Messina, pachisumbu cha Sicily. Kumeneko iye analasa ndi minga tiana ta nyama ya m'nyanja yooneka ngati nyenyezi, ndipo anaona maselo ena akuzinga mingayo. Anazindikira kuti thupi lili ndi maselo amene amameza tizilombo toyambitsa matenda. Mu 1888 anasamukira ku Paris kukagwira ntchito pa Institut Pasteur, ndipo mu 1908 analandira Mphotho ya Nobel limodzi ndi Paul Ehrlich.

Mkaka Wosasa ndi Ukalamba

M'zaka zake zomalizira, Metchnikoff anasumika maganizo pa ukalamba. Iye anakhulupirira kuti mabakiteriya a m'matumbo aakulu amatulutsa ululu umene umakalambitsa thupi, ndi kuti mabakiteriya osasitsa mkaka angathe kuwagonjetsa. Anachita chidwi ndi malipoti onena za alimi a ku Bulgaria amene anali kumwa mkaka wosasa ndi kukhala ndi moyo wautali. Mu 1905, Stamen Grigorov wa ku Bulgaria anatulukira mabakiteriya ameneŵa m'yogati, ndipo mu 1907 Metchnikoff anafalitsa buku lonena za kutalikitsa moyo. Iye mwiniyo anali kumwa mkaka wosasa tsiku ndi tsiku.

Lingaliro lakuti yogati imaletsa ukalamba silinatsimikizirike. Ngakhale zili choncho, ana anapindula. Mu 1919, Isaac Carasso, atasonkhezeredwa ndi ntchito ya Metchnikoff ndiponso poona ana ambiri akudwala m'mimba, anayamba kupanga yogati ku Barcelona. Poyamba inali kugulitsidwa m'masitolo a mankhwala, ndipo anaitcha Danone, potengera dzina la mwana wake Daniel.

Funso Limene Sayansi Sinayankhe

Kodi Metchnikoff anafika pati ponena za chifuno cha moyo? Iye sanakhulupirire Mulungu. M'buku lake la mu 1903 lonena za chibadwa cha munthu, anafotokoza kuti chipembedzo chinalephera kuchotsa mantha a imfa. Anayembekezera kuti sayansi idzatalikitsa moyo kufikira munthu atakhuta masiku, nalakalaka imfa monga momwe wotopa amalakalakira tulo. Mu 1909 anachezera wolemba mabuku Leo Tolstoy, amene anali kufunafuna tanthauzo la moyo m'ziphunzitso za Kristu, koma aŵiriwo sanamvane.

Nkhondo Yadziko I itaulika mu 1914, Metchnikoff anasweka mtima poona mitundu yophunzira kwambiri ikuphana. Anamwalira ndi nthenda ya mtima mu July 1916, ali ndi zaka 71. Zaka zake sizinapyole malire amene wamasalmo anatchula kalekale, a zaka 70 kapena 80.—Salmo 90:10.

Tiyenera kuyamikira khama la mwamuna ameneyu, pakuti zimene anatulukira zathandiza pankhondo yolimbana ndi matenda. Ndiponso, maselo oteteza thupi amene iye anaona amachitira umboni nzeru ya Mlengi. (Salmo 139:14) Komabe, kodi nchifukwa ninji ngakhale okalamba kwambiri amafunabe kuona maŵa? Baibulo limasonyeza kuti Mulungu anaika m'mitima ya anthu chikhumbo cha kukhala kosatha, ndipo limatcha imfa mdani, osati bwenzi. (Mlaliki 3:11, 1 Akorinto 15:26) Chotero kuwonjezera zaka zingapo sikungakhutiritse mtima. Chifuno chenicheni chimapezeka mwa kudziŵa Mulungu ndi Mwana wake, Yesu Kristu, ndi kuchita chifuniro Chake.—Mlaliki 12:13, Yohane 17:3.

Phunziro kwa Makolo

Makolo achikondi amasamala zimene ana awo amadya, ndipo ambiri amasankha yogati yosathira shuga. Kumeneko nkuchita mwanzeru. Koma Yesu anaphunzitsa kuti munthu amafunikira zoposa chakudya chakuthupi. (Mateyu 4:4) Mtumwi Petro anayerekezera mawu a Mulungu ndi mkaka umene khanda limalirira, ndipo Timoteo anaphunzitsidwa malemba opatulika kuyambira ukhanda wake. (1 Petro 2:2, 2 Timoteo 3:15) Tsiku lina ana athu adzafunsa funso limene linavutitsa Metchnikoff. Kodi tikuwakonzekeretsa tsopano kuti adzapeze yankho lokhutiritsa?