Antonie van Leeuwenhoek: wogulitsa nsalu amene anaona zamoyo m'dontho la madzi

M'nyengo yotentha ya chaka cha 1674, wogulitsa nsalu wina wa mumzinda wa Delft, m'dziko la Netherlands, anatunga madzi m'kabotolo pa kanyanja kotchedwa Berkelse Meer. Madzi a kanyanjako ankachita ndere chaka ndi chaka kukatentha, ndipo anthu a m'deralo ankati mame ndiwo amachititsa zimenezi. Antonie van Leeuwenhoek sanakhutire nalo yankho limeneli. Ataika dontho pa galasi lake lokulitsa zinthu, anaona tizamoyo tikusambira mothamanga, tina tobiriwira pakati koma toyera kumutu ndi kumchira.

Akatswiri ambiri amakhulupirira kuti tizamoyo tobiriwirato ndi timene lero timatchedwa Euglena, dzina limene Christian Gottfried Ehrenberg wa ku Germany anatipatsa mu 1830. Kamoyo kameneka kali ndi selo imodzi yokha. Kamadzipangira chakudya ndi kuwala kwa dzuwa monga mmene masamba amachitira, komanso kamayenda ngati nyama pokupiza kamchira konga ulusi. Kadontho kofiira kamene kali kumutu kwake kamakathandiza kulondola kuwala, ndipo mumdima kamatha kuyamwa chakudya chosungunuka m'madzi. Kwa nthawi yaitali asayansi ankatsutsana ngati kali m'gulu la zomera kapena la nyama.

Leeuwenhoek anabadwa pa 24 October 1632. Sanapite ku yunivesite ndipo sankadziwa Chilatini, chinenero cha anthu ophunzira m'nthawi yake. Ali ndi zaka 16 anapita ku Amsterdam kukaphunzira malonda a nsalu, ndipo pambuyo pake anatsegula sitolo yake ku Delft. Pa ana asanu amene anabereka ndi mkazi wake woyamba, Barbara de Mey, mmodzi yekha, Maria, ndiye anakula.

Magalasi ake ankapanga yekha, ndipo ena ankakulitsa chinthu maulendo oposa 200. Kuyambira mu 1673 ankalembera makalata m'Chidatchi bungwe la asayansi la Royal Society ku London. Koma atalemba mu 1676 za tizamoyo tochepetsetsa timene anaona m'madzi oviikamo tsabola, ambiri anamukayikira, chifukwa panalibe wina amene anali atationa, ndipo iye ankabisa njira yopangira magalasiwo. Anachita kuitana mboni, kuphatikizapo abusa a mpingo, kuti zidzionere zokha. Mu 1677 Robert Hooke anatsimikizira zimenezi ku London, ndipo mu 1680 bungwelo linalandira Leeuwenhoek kukhala membala.

Anapitiriza kufufuza ndi kulemba mpaka atatsala pang'ono kumwalira pa 26 August 1723, ali ndi zaka 90. Maria, amene anamusamalira mu ukalamba wake, anatumiza ku London zipangizo 26 zokulitsira zinthu zimene bambo ake anasiyira Royal Society.