Ambuye Louis Auneau ndi Mpando wa ku Limbe

Akhristu a ku Neno akatsika m'mapiri mwao kupita ku Limbe pa tsiku la chikondwerero, amalowa m'tchalitchi cha Maria wa Nzeru maso ali ku guwa la nsembe. Koma chimene chisiyanitsa nyumbayi ndi matchalitchi ena onse a m'dayosizi ndi mpando wokhala pafupi ndi guwalo. Pa Chilatini mpando wa Episkopi utchedwa cathedra, ndipo ndiwo upatsa nyumba yonse dzina lake la katedrale. Amene analambula njira ya mpando umenewu ndiwo Ambuye Louis Auneau.

Iwowa anabadwira ku France m'chaka cha 1876, nalowa chipani cha ansembe a Montfort. Anzawo atatu, Pierre Bourget, Augustin Prézeau ndi Antoine Winnen, anafika ku Nzama m'chaka cha 1901, ndipo Bambo Auneau anawatsatira akali mnyamata. Ambuye Prézeau, Episkopi woyamba wa dera la Shire, atamwalira m'chaka cha 1909, Papa Pius X anasankha Bambo Auneau, nadzozedwa m'chaka cha 1910 ali ndi zaka 34 zokha. Misiyoni zimene analandira zinali za Nzama, Nguludi, Neno ndi Utale.

Nthawi imeneyo kuno kunalibe dayosizi yeniyeni. Episkopi wa ku misiyoni ankaweta nkhosa m'malo mwa Papa, ndipo ankapatsidwa dzina la mzinda wakale umene mpando wake unatha. Motero Ambuye Auneau anatchedwa Episkopi wa Cerasus, mzinda wa m'dziko limene lero ndi Turkey, pamene iwo ankayenda m'midzi ya Angoni, Amang'anja ndi Alomwe.

Mayeso aakulu anawagwera mu Januwale 1915. Anthu a John Chilembwe, atatopa ndi thangata ndi kutengedwa kwa amuna kunkhondo ya Azungu, anadzuka ndi zida, ndipo gulu lina linatentha misiyoni ya Nguludi, kumene kunali kwawo kwa Episkopi. Bambo Swelsen anavulazidwa koopsa. Chimene chinamangidwa m'zaka zambiri chinasanduka phulusa usiku umodzi. Akhristu anapondanso dothi, naumba njerwa, naziotcha m'uvuni, ndipo Nguludi anadzukanso. Ndi mmene matchalitchi a masiku amenewo ankamangidwira: dothi la pomwepo, mitengo ya m'phiri lapafupi, amai otunga madzi, ndi Bulazala woongola chingwe cha khoma.

Komabe ntchito yao yoposa zonse sinali ya njerwa. Anadziwa kuti ansembe ochokera kutali sadzakwanira konse, ndiye anaika mtima pa aphunzitsi a m'midzi, amene ankaphunzitsa katekisimu ndi kuwerenga, kubatiza odwala ali pafupi kufa, ndi kusonkhanitsa anthu la Mulungu kumene wansembe ankafika kamodzikamodzi. Kudera la zitunda ndi mitsinje ngati la Neno, Eklezia akadafota popanda anthu amenewa. Anatsegula seminale yaing'ono ku Nankhunda, pafupi ndi Zomba, ndipo m'chaka cha 1925 anayambitsa chipani cha Asisteri Atumiki a Maria Virigo Woyera, kuti atsikana a dziko lino nawonso adzipereke kwa Mulungu.

Pamene njanji ndi ntchito ya fodya zinakokera anthu ambiri ku Limbe, misiyoni inatsegulidwa kumenekonso. Dzina la tchalitchi chake likumbutsa Louis-Marie de Montfort, amene ankakonda kuphunzitsa za Yesu, Nzeru yosatha ya Atate, yobwera kwa anthu kudzera mwa Maria. Montfort analembedwa m'gulu la Oyera m'chaka cha 1947, Ambuye Auneau akali pa udindo.

Ataweta nkhosa zaka pafupifupi 40 anatula katundu, ndipo anawalowa m'malo Ambuye Theunissen a ku Holland. M'chaka cha 1952 dera la Zomba linapatulidwa. Pa 25 Epulo 1959 Papa John XXIII anakhazikitsa Arkidayosizi ya Blantyre, ndipo mpando wa ku Limbe unakhala wa Arkiepiskopi. Nkhalambayo inamva nkhaniyi ndi makutu ake, nimwalira mu Novembala chaka chomwecho. Mmalawi woyamba kukhala pa mpandowo anali Ambuye James Chiona, ndipo ndiwo analandira Papa John Paul II m'tchalitchimo mu Meyi 1989.