Frederick Banting: dokotala amene anapezera odwala shuga insulin

Chaka cha 1922 chisanafike, mwana akapezeka ndi matenda a shuga sankakhala moyo nthawi yaitali. Madokotala ankangomuchepetsera chakudya mpaka kutsala mafupa okhaokha, n'cholinga chotalikitsako moyo wake pang'ono. Mmodzi mwa anthu amene anasintha zimenezi ndi Frederick Banting.

Banting anabadwa pa 14 November 1891 ku Alliston, m'dziko la Canada, m'banja la alimi. Anamaliza maphunziro a udokotala pa University of Toronto mu 1916, kenako anapita kukathandiza asilikali pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, komwe anavulala mkono mu 1918. Atabwerera kwawo anatsegula chipatala chaching'ono mumzinda wa London, ku Canada komweko, koma odwala ankabwera ochepa kwambiri.

Nthawi imeneyo akatswiri ankadziwa kale kuti shuga amayenderana ndi chiwalo chotchedwa pancreas, chomwe chili kuseri kwa chifu. Chiwalochi chimatulutsa homoni yothandiza kuti shuga achoke m'magazi n'kulowa m'maselo, komwe amasanduka mphamvu. Homoniyi ikasowa, shuga amangodzaza m'magazi thupi likuvutika ndi njala. Chovuta chinali kuipatula kuti ikhale mankhwala.

Mu 1921 Pulofesa John Macleod anapatsa Banting chipinda chofufuzira, agalu oyeserapo, komanso wophunzira wina dzina lake Charles Best. Awiriwa anabaya agalu odwala shuga madzi ochokera mu pancreas, ndipo shuga anatsika. Kenako James Collip anasefa madziwo kuti akhale oyenera munthu.

Woyamba kubayidwa anali mnyamata wina dzina lake Leonard Thompson, pa 11 January 1922. Jakisoni woyambayo sanathandize kwenikweni ndipo pamalo obayidwapo panatupa. Pa 23 January anamubaya wosefedwa bwino, shuga wake anatsika ndipo mphamvu zinabwerera. Thompson anakhalanso moyo zaka zina 13.

Mu 1923 Banting ndi Macleod analandira mphoto ya Nobel. Banting sanasangalale kuti Best wasiyidwa, choncho anamugawira theka la ndalama zake. Chaka chomwecho Banting, Best ndi Collip anapereka umwini wa insulin ku yunivesite ija pa mtengo wa dola imodzi aliyense, pofuna kuti mankhwalawo afikire odwala ambiri. Banting anamwalira pa 21 February 1941, ndege yomwe anakwera itagwa ku Newfoundland. Anali ndi zaka 49. Tsiku lake lobadwa ndi lomwe dziko lonse limakumbukira matenda a shuga chaka chilichonse.

Insulin sachiza shuga, koma amalowa m'malo mwa homoni yomwe thupi likusowa. Odwala mtundu woyamba wa shuga, womwe umakonda kuyamba paubwana, amafunika kubaya tsiku lililonse moyo wawo wonse. Odwala mtundu wachiwiri nthawi zambiri amayamba ndi kusintha kadyedwe, kuchita masewera olimbitsa thupi ndi kumwa mapiritsi monga metformin, ndipo ena amadzafunika insulin pakapita nthawi. Dokotala akakuuzani kuti muyambe jakisoni, musaganize kuti moyo watha.

Ngati mukumva ludzu losatha, kukodza pafupipafupi, kuonda popanda chifukwa kapena kutopa kwambiri, pitani kuchipatala akakuyezeni magazi. Shuga wofika 7.0 mmol/L kapena kuposa, munthu asanadye m'mawa, ndi chizindikiro cha matendawa, ndipo achipatala amabwereza kuyeza kuti atsimikize. Amene muli kale pa insulin, musungeni pamalo ozizira osawomba dzuwa, musadumphe chakudya mutabaya, ndipo muziyenda ndi switi kapena shuga pang'ono. Mukayamba kunjenjemera, kutuluka thukuta kapena kumva chizungulire, n'kutheka kuti shuga watsika kwambiri. Idyani chotsekemeracho nthawi yomweyo, ndipo ngati sizikusintha thamangirani kuchipatala.