Henry Moore: Mwana wa Wokumba Malasha Amene Anatchuka ndi Kusema Miyala

Henry Moore anabadwa pa 30 July 1898 m'tauni ya Castleford, m'chigawo cha Yorkshire ku England. M'banja mwawo anabadwa ana 8 ndipo iye anali wachisanu ndi chiwiri. Bambo ake, a Raymond Moore, anali wokumba malasha mu mgodi wa Wheldale, koma anali munthu wokonda kuwerenga ndipo anatsimikiza mtima kuti ana awo asadzalowe m'mgodi. N'chifukwa chake mnyamatayu atanena kuti akufuna kudzakhala wosema ziboliboli, mkuluyo sanakondwe. Kwa iwo kusema mwala inali ntchito yamanja basi, yosasiyana kwenikweni ndi kukumba malasha, ndipo anamuuza kuti ayambe waphunzira uphunzitsi.

Amene anaona luso la mwanayu anali mphunzitsi wake wa zojambulajambula pa sukulu ya sekondale ya Castleford, Mayi Alice Gostick. Mayiwa ankamuitana kunyumba kwawo, kumubwereka magazini ndi kumuphunzitsa kuumba mbiya, ndipo ubale wawo sunathe ngakhale iye atatchuka. Pajatu enafe timakumbukira aphunzitsi a masamu ndi Chingerezi okha, n'kumaiwala aja a phunziro limene ambiri tinkaliyesa loseweretsa.

M'chaka cha 1917 anapita kunkhondo ndipo anapuma mpweya wa poizoni pa nkhondo ya ku Cambrai. Atachira, nkhondo n'kutha, analandira chithandizo cha boma cha asilikali opuma nalowa Leeds School of Art mu 1919. Mu 1921 anapita ku Royal College of Art mumzinda wa London.

Tsono maphunziro ake enieni anawapeza kunja kwa kalasi. Pakolejipo ankaphunzitsa kutengera ziboliboli za Agiriki ndi Aroma, koma iye ankathera nthawi yake yopuma ku British Museum, kuyang'ana zosema za ku Africa, Mexico, Egypt ndi zilumba za m'nyanja ya Pacific. Anaona kuti amisiri amenewa sankakakamiza mtengo kapena mwala kuti uoneke ngati khungu la munthu. Mtengo unkakhalabe mtengo, mwala unkakhalabe mwala, koma chosemacho chinali ndi mphamvu yakeyake. Moore sanabise ngongole imeneyi. Komabe n'zachisoni kuti dzina lake likudziwika dziko lonse pamene amisiri amene anamutsegula maso, zosema zawo zinaikidwa m'magalasi ndi dzina la mtundu wawo lokha, ngati kuti sizinasemedwe ndi munthu.

Anapatsidwa ndalama zoyendera dziko la Italy, ndipo anapitako mu 1925. Kumeneko anaona ntchito za Giotto, Masaccio ndi Michelangelo, zija ankafuna kuzithawa, ndipo zinamusokoneza maganizo kotero kuti atabwerera kwawo anakhala miyezi ingapo osatha kugwira ntchito bwino. Chimene chinamudzutsa chinali chiboliboli cha ku Mexico chotchedwa Chacmool, cha munthu wogona chagada atatsamira zigongono, mawondo ali m'mwamba, mutu atacheukira kumbali. Anachiona m'buku ndiponso chifanizo chake m'nyumba yosungiramo zakale ya Trocadéro ku Paris. Chotsatira chake chinali Reclining Figure cha mu 1929, mkazi wogona chotsamira, chosemedwa pa mwala wa Hornton, chimene chili ku Leeds. Mutu umenewu, pamodzi ndi wa mayi ndi mwana, anaubwereza moyo wake wonse. Si onse anakondwera nazo: nyuzipepala ya Morning Post inamunyoza kwambiri, ndipo posakhalitsa anasiya kuphunzitsa pa Royal College of Art n'kupita ku Chelsea School of Art.

Za chilengedwe ndiye sankatopa nazo. Ankatola timiyala ta m'mphepete mwa nyanja, zigoba za nkhono, mafupa ndi mizu, n'kumazisunga m'chipinda chake chogwiriramo ntchito. Ali mwana anachita chidwi ndi thanthwe la Adel pafupi ndi Leeds komanso milu ya zinyalala za m'migodi imene inkaoneka ngati mapiri. Ankapakanso mankhwala pamsana pa mayi ake, amene ankadwala nyamakazi, ndipo msana umenewo anaukumbukira posema akazi okhala pansi. Mukayang'ana mkazi wogona wa Moore, mawondo amaoneka ngati zitunda, ndipo mabowo amene ankaboola pathupi ali ngati mapanga kapena mwala umene madzi aufukula.

Nkhondo yachiwiri ili mkati, mu 1940, bomba linaononga nyumba yake ku Hampstead ndipo iye ndi mkazi wake Irina anasamukira kumudzi wa Perry Green. Nthawi imeneyo anajambula anthu ogona m'ngalande za sitima zapansi pa nthaka za ku London pothawa mabomba, kenaka anatsikira mu mgodi wa Wheldale, womwe uja wa bambo ake, kukajambula okumba malasha. Mu 1948 analandira mphoto ya zosema pa chionetsero cha ku Venice. Ulendo wa ku Greece mu 1951 unamubwezera ku ziboliboli zovala nsalu zamakwinya, ndipo mu 1958 anamaliza chiboliboli chachikulu cha pa likulu la UNESCO ku Paris.

Atakalamba, Julian Huxley ndi mkazi wake Juliette anamupatsa chigaza cha njovu. Anachizungulira miyezi yambiri akujambula mphako ndi mizere yake, ndipo zithunzizo zinatuluka pamodzi mu 1970. Mu 1972 anadzaza kabuku ndi zithunzi za nkhosa zimene zinkadya msipu kuseri kwa zenera lake. Mu 1977 anakhazikitsa Henry Moore Foundation n'kuipatsa chuma chake chambiri. Anamwalira pa 31 August 1986 ku Perry Green ali ndi zaka 88, ndipo anaikidwa m'manda a tchalitchi cha St Thomas m'mudzi momwemo.